Mlandu Ndi wa Wotuma Kapena Wotumidwa?

Mu Genesis 24 muli munthu amene alaliki ambiri amamudutsa mothamanga chifukwa maso awo amakhala ali pa Rebeka ndi mtsuko wake. Ndikunena wantchito wamkulu wa m'nyumba ya Abrahamu. Mbuye wake atakalamba anamuitana kuti alumbire kuti akapezera Isake mkazi kwawo kwa abale, osati pakati pa Akanani. Ntchito inali yomveka. Koma munthuyo sanathamangire kulumbira. Anayamba wafunsa kuti adzatani mkaziyo akadzakana kubwera naye, ndiponso ngati zikadzatero adzayenera kutenga Isake n'kupita naye komweko. Abrahamu sanapse mtima ndi funsolo. Anayankha mbali zonse ziwiri: mkazi akakana, lumbiro lamasuka, koma zopita ndi Isake kumeneko, zimenezo ayi, zivute zitani. Atamva zimenezi m'pamene wantchitoyo analumbira n'kutenga ngamira 10.

Ndakhala mlembi wa mpingo wathu kuno ku Chanyanya kwa zaka zambiri, ndipo ulembi wa mpingo ndi kutuma ndi kutumidwa basi. N'chifukwa chake ndime imeneyi imandikhudza mosiyana ndi anzanga. Malangizo oyamba a Abrahamu anali operewera. Ananena chimene ankafuna, koma sananene chochita zinthu zikalephereka. Chimene chinawakwaniritsa ndi funso la wotumidwa. Akanakhala wantchito wina, wa "inde bwana" pa chilichonse, akanafika ku Mesopotamiya, mtsikana n'kukana, iye n'kuganiza yekha kuti njira yokondweretsera mbuye wake ndi kubwerera kukatenga Isake. Akanachita chinthu chomwecho chimene Abrahamu ankachiopa koposa, ndipo akanachichita ndi mtima wabwino. Tsono mlandu ukanakhala wa yani? Funso limeneli landisowetsa tulo chionereni otumidwa a mtundu watsopano, amene sadya nsima ndipo salumbira.

Mwana wa mlongo wanga, mtsikana wolemba mapulogalamu a kompyuta ku Lusaka, akukonzera amayi ogula nsomba pa doko lathu kanthu kowathandiza pa mauthenga. Amayiwa amalawirira kukachingamira mabwato ochokera m'madambo a Kafue, amagula nsomba, n'kukazigulitsa ku tauni ya Kafue kapena ku Lusaka. Tsiku lawo lonse ndi la foni: mtengo wa lero, galimoto inyamuka nthawi yanji, aisi wafika kapena ayi, ndani sanapereke ya chilimba, kasitomala uja wa ku Chawama atumiza liti ndalama. Kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, pamene boma limatseka usodzi, foni zimapumako, koma March akangolowa zimayambiranso kulira usiku ndi usana. Maganizo a mtsikanayu ndi akuti mayi azingolankhula m'foni kuti uza wakuti zakutizakuti, ndipo pulogalamu ya AI izipeza munthuyo, izilemba uthenga n'kuutumiza yokha pa WhatsApp kapena pa SMS.

Pulogalamu yotere siibadwa ikudziwa kagwiritsidwe ntchito ka chida chotumizira mauthenga. Imachita kuwerenga. Mu November 2024 kampani ya Anthropic inatulutsa ndondomeko yotchedwa Model Context Protocol, yolumikizira mapulogalamu a AI ndi zida zakunja, ndipo makampani ena ambiri akuitsatira tsopano. M'ndondomekoyi chida chilichonse chimabwera ndi dzina, mawu wamba ofotokoza ntchito yake, ndi mndandanda wa mipata yoyenera kudzazidwa. AI imawerenga mawuwo n'kusankha yokha nthawi yogwiritsa ntchito chidacho ndi zoti ilembe m'mipatamo. Kale malangizo a mapulogalamu ankalembedwera munthu, amene akasokonezeka ankaimbira mnzake foni kapena kugona kaye n'kudzayesanso mawa. Lero wowerenga wake ndi wotumidwayo mwini, ndipo amawerenga ali kale panjira, uthenga uli m'manja.

Mtsikana uja atabwera kudzationa anatsegula laputopu pa tebulo langa n'kundionetsa chida china chimene anachipeza pa intaneti.

"Amalume, inu mumakonda kupeza zolakwa m'makalata a anthu. Taonani apa, chikusowa n'chiyani?"

Malongosoledwe onse anali chiganizo chimodzi cha Chingerezi, chonena kuti chidachi chimatumiza uthenga kwa wolandira. Pansi pake panali mipata iwiri, wa wolandira ndi wa uthenga. Zonse zinathera pomwepo.

Wolandira ameneyu ndi dzina kapena nambala? Ngati ndi nambala, iyambe ndi 097 monga timalembera pa chitseko cha shopu, kapena ndi 260 monga amafunira makina? Ngati ndi dzina, m'foni ya mayi mmodzi wa pa doko mukhoza kupezamo anthu atatu olembedwa "Amake Junior", ndipo mmodzi mwa iwo ndi wangongole, wina ndi mlamu wake amene sayenera kumva n'komwe za ngongoleyo. Mayina akafanana, chidachi chimaima n'kufunsa, kapena chimangotenga woyamba pa mndandanda? Ndipo chimalowera khomo liti? WhatsApp ili ndi khomo lovomerezeka la mabizinesi, kumene uthenga wolemba mmene ukufunira umaloledwa mkati mwa maola 24 kuchokera pamene kasitomala anakulembera komaliza. Maolawo akatha umangotumiza uthenga wa kalembedwe kamene kampani ya Meta inakavomereza kale. Zida zina zimalowera kuseri, kudzionetsa ngati foni ya munthu yolumikizidwa ku kompyuta, ndipo nambala yochita zotere ikhoza kutsekedwa. Kwa mayi amene makasitomala ake onse akhala akumupeza pa nambala imodzi yomweyo, kutsekedwa kwake ndiye kugwa kwa bizinesi. Telegram ili ndi malamulo akeake: pulogalamu siingayambe kulembera munthu amene sanailembere iye choyamba, ndipo uthenga umodzi supitirira zilembo 4,096. SMS imanyamula zilembo 160, koma mukangolowa chilembo chimodzi chachilendo kwa makinawo, monga ŵ wa kadenga uja amene ena timamulemba m'dzina la Malaŵi, malire amatsika kufika pa 70, uthenga n'kugawidwa zidutswa, mtengo n'kukwera. Amene analemba chidacho ankazidziwa zonsezi, kapena anayenera kuzidziwa. Wotumidwa sanauzidwe ngakhale chimodzi.

Koma zimenezi ndi za umisiri, ndipo mtsikanayo akanazipeza yekha popanda ine. Chimene chinandikhazika chete ndi yankho limene chidacho chimabweza chikamaliza. Limangoti zatheka. Zatheka chiyani? Aliyense wogwira WhatsApp amadziwa kusiyana kwa kachizindikiro kamodzi, tiwiri totuwa ndi tiwiri tabuluu. Kamodzi ndiye kuti uthenga wachoka kwa iwe, tiwiri ndiye kuti walowa m'foni ya mnzako, tabuluu ndiye kuti wautsegula. Khomo la mabizinesi lija nalonso limatero: likalandira uthenga limaupatsa nambala nthawi yomweyo, koma mbiri yakuti wafika, wawerengedwa kapena walephera imabwera pambuyo pake, kudzera njira ina. Ngati malangizo sananene zimenezi, AI imva kuti zatheka n'kubwerera kwa mayi uja ndi mawu okoma akuti kasitomala wauzidwa. Mayi akweza nsomba m'galimoto. Kasitomala foni yake ili yozima kuyambira dzulo.

Mu 2 Samueli 18 muli wothamanga wa mtundu womwewu. Abisalomu ataphedwa, Ahimaazi mwana wa Zadoki anaumirira kuti athamange kukauza Davide. Yowabu anamuletsa n'kutuma Mkusi, koma mnyamatayo anakakamirabe mpaka analoledwa, ndipo podzera njira ya kuchigwa anamupitirira Mkusiyo. Anafika woyamba n'kunena kuti adani agonja. Zinali zoona. Mfumu itafunsa za mwana wake, iye anangokamba za chipwirikiti chimene anaona. Anauzidwa kuti aime pambali, ndipo uthenga weniweni unadikira munthu wochedwa uja. Ena amati Ahimaazi anachita mantha, ena amati anachita chifundo. Kwa ine nkhani ndi yakuti mawu oona akhoza kumusiya munthu akukhulupirira bodza, ndipo "zatheka" wa chida chija ndi mawu a mtundu umenewo. Malangizo obisa kusiyana kwa "ndalandira" ndi "wafika" amaphunzitsa wotumidwa kunama iye osadziwa. Ine ndimakutcha kuchitira umboni wonama, ngakhale wolembayo atakhala kuti anangochita ulesi.

Palinso nkhani ya kubwereza. Chaka cha 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, ku Itezhi-Tezhi ndi ku Kafue Gorge, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse, ife okhala m'mphepete mwa mtsinje wopereka magetsiwo tili mumdima, ndipo netiweki inkapita nawo limodzi. Pa nthawi yotere uthenga umachoka, koma yankho lakuti wachoka limasochera panjira. AI ikaona kuti kuli zii, iyesenso kapena idikire? Ikayesanso, mawu akuti "tumizani K500 ya nsomba zija" afika kawiri. Kasitomala waulemu atumiza kawiri, wamtima wapachala aganiza kuti akumuyesa wakuba. Mu 2025 ndondomeko ija ya Model Context Protocol inawonjezera timipata timene wolemba chida angaonetsepo ngati chidacho chimangowerenga, ngati chimawononga zinthu, ndiponso ngati kuchibwereza kuli ndi vuto. Koma ndi mawu a wolembayo chabe, palibe womulumbiritsa. Pa chida chija timipatato tinali topanda kanthu. Ndipo SMS ikapita yapita, siibwezedwa.

Tsono zikalakwika, wolakwa ndani? Makampani ali ndi yankho limene amalikonda. Mu February 2024 bwalo la milandu ing'onoing'ono la ku British Columbia, m'dziko la Canada, linaweruza nkhani ya munthu amene agogo ake anamwalira. Iye anafunsa pulogalamu yocheza nayo ya pa tsamba la Air Canada za mtengo wotsika wa opita ku maliro, ndipo inamuuza kuti akhoza kugula tikiti kaye n'kudzapempha kubwezeredwa mkati mwa masiku 90. Lamulo lenileni la kampaniyo silinkalola zimenezo. Pa mlandu kampani inayesa kunena kuti pulogalamuyo ndi yodziimira payokha, iyankhe yokha pa mawu ake. Bwalo linakana n'kulamula kampaniyo kuti ilipire. Ndalama zake zinali zochepa, madola a ku Canada 800 ndi pang'ono, koma ganizo limene linakanidwa silaling'ono, ndipo linayambira m'munda wa Edeni, pamene aliyense analoza mnzake mpaka chala chinakathera pa njoka.

Aphunzitsi akale a Chiyuda anaiganizira nkhaniyi mozama kuposa mmene ife timachitira pa maphunziro a Baibulo a mkati mwa sabata. Mu Mishnah, malamulo a pakamwa amene anasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD, muli mlandu wa munthu wotumiza moto m'manja mwa wina, motowo n'kukatentha za eni. Akaupereka kwa munthu wamkulu wanzeru zake, wolakwa ndi wonyamulayo. Akaupereka kwa mwana wamng'ono kapena kwa munthu wosatha kuzindikira, wonyamulayo alibe mlandu, ndipo chodabwitsa n'chakuti bwalo la anthu limamumasulanso wotumayo, koma bwalo la Kumwamba silimumasula. Ife okulira kumudzi zimenezi sizifuna kutimasulira. Tonse tinatumidwapo kukapala moto kwa anansi tili ana, khala lili pa phale, mphepo ya August ikuwomba, madenga onse ali a udzu. Mayi wina ankati ugwire chonchi, usadzere pafupi ndi nkhokwe, likagwa usalitole ndi manja koma uitane. Mayi wina ankangoti thamanga ukapale moto. Nyumba ikapsa, pa bwalo la amfumu ankati ndi ngozi ya mwana, koma mudzi wonse unkadziwa amene sanalankhule.

Nanga AI ili mbali iti, ya wamkulu kapena ya mwana? Mkulu wa mpingo mnzanga, amene amagwira ntchito pa makina othirira ozungulira aja a m'minda ya kuno, alibe nazo nthawi zimenezi. Iye akuti makina ndi makina, khasu silinapalamulepo mlandu, wolakwa ndi mwini wake basi. Theka la mawu akewo ndimalivomera. AI siingaitanidwe pa bwalo, ilibe mbuzi yolipira, ndipo bwalo la ku Canada linachita bwino kubwezera mlandu kwa eni ake. Koma khasu silisankha, pamene ichi chimasankha. Chimawerenga, chimayeza, n'kugamula kuti mwa Amake Junior atatu aja woyenera ndi uyu. Chimalankhula ngati munthu amene anamaliza mabuku onse, koma za Chanyanya chimadziwa zokhazo zimene chauzidwa mphindi yomweyo. Chifukwa chimene aphunzitsi aja ankapatsira mlandu wonyamula wamkulu chinali chakuti iye akanatha kuona choipacho n'kumvera Mulungu m'malo momvera womutuma. Ndiye kuti mlandu wa wotumidwa umalekezera pamene maso ake alekezera. Chimene sanathe kuchiona chimabwerera kwa amene anachiona n'kukhala chete.

Kalata ya Davide ya mu 2 Samueli 11 inadutsa m'manja mwa anthu awiri. Uriya anainyamula osadziwa kuti muli imfa yake, ndipo palibe amene anamuimbapo mlandu. Yowabu anaitsegula, anaiwerenga, anaimvetsa, n'kukaika munthu wosalakwa pamene nkhondo inali yoopsa. Komabe mneneri Natani atatumidwa anapita kwa Davide, ndipo Talmud imasimba kuti Shammai, mphunzitsi wa m'masiku a Herode, anatengera pa nkhani yomweyi ganizo lakuti wotuma munthu kukapha ali ndi mlandu iye mwini. Anzake ambiri sanagwirizane naye pa za bwalo la anthu. Ine ndili kumbali ya Shammai, ngakhale Yowabu sindimumasula.

Makalata otere alipo lero. Mu April 2025 akatswiri a kampani ya Invariant Labs anaonetsa kuti munthu woipa akhoza kubisa malamulo m'malongosoledwe a chida chooneka chosalakwa, AI n'kuwawerenga ngati malangizo enieni, n'kutumiza macheza a pa WhatsApp a mwini foni ku nambala ya wakubayo, mwini wake osaona chachilendo. Pamenepo AI ndi Uriya ndi Yowabu pamodzi: yawerenga kalatayo, koma siikudziwa kuti wailemba ndani. Ndikufuna wotumidwa amene angakane kalata yotere, ndipo opanga mapulogalamuwa akuyesa kuwaphunzitsa kutero. Koma taonani mmene malangizo aulesi amathandizira wakuba. Ngati zida zonse zachilungamo zimangolamula popanda kufotokoza chifukwa, wotumidwa amazolowera kumvera mawu opanda chifukwa, ndipo tsiku limene lamulo loipa lafika silioneka lachilendo.

Mtsikanayo anandimvetsera mpaka pamenepa, kenako anandidula.

"Amalume, ndikalemba zonse mukunenazi malangizo akhala Levitiko. Chinthuchi chikawerenga zambiri chimataya zofunika, komanso liwu lililonse ndi ndalama."

Ankanena zoona, ndipo choona chake n'chakuya kuposa nkhani ya ndalama. Palibe cholembedwa chimene chimakwana. Plato, m'buku lake la Phaedrus, anaika m'kamwa mwa Socrates dandaulo lakuti mawu olembedwa ukawafunsa funso amangobwereza zomwezo. Taganizani za uthenga wa maliro. Kwathu ku Katete amfumu amayamba auzidwa, mwini mbumba auzidwa, kenako mthenga anyamuka. Wachibale wakutali kapena wodwala mtima samuuza mwachindunji. Amangoti matenda akula, bwerani, ndipo wamkulu aliyense amamva chimene chanenedwa. Mayi wokalamba amene ali yekha m'nyumba samuuza pa foni, amatuma munthu woti akakhale naye pansi kaye. Palibe buku limene zimenezi zinalembedwamo, ndipo kuno ku Chanyanya, kumene Atonga, Abemba, Alozi ndi ife a kummawa timakokera ukonde umodzi, aliyense ali ndi dongosolo lake. Ngakhale anthu enieni amaphonya. Ndinaonapo chithunzi cha malemu chikuzungulira m'gulu la WhatsApp mayi wake asanauzidwe, ndipo amene anachitumiza anali Mkhristu wobatizidwa, osati makina.

Ngati cholembedwa sichingakwane, ena amati tichulukitse malamulo mpaka mpata uliwonse utsekeke. Ena amayembekezera lonjezo la mu Yeremiya 31, la lamulo lolembedwa mumtima. Njira yoyamba ilibe mapeto. Yachiwiri siili m'manja mwa mtsikana wa ku Lusaka wolemba malongosoledwe a chida, chifukwa za mkati mwa AI zimaumbidwa kutali, ndi anthu ena. Koma ilipo njira ina imene Chilamulo chenicheni chinayendamo, ndipo sitiilalikira kawirikawiri. Mu Numeri 27 ana aakazi 5 a Zelofehadi anafika kwa Mose n'kunena kuti bambo wawo wamwalira wopanda mwana wamwamuna, ndipo lamulo la cholowa silikunena kanthu za iwo. Mose sanapeke yankho. Anapita nayo nkhaniyo kwa Mulungu, ndipo lamulo linawonjezeredwa. Mu Numeri 36 abale awo anabweranso ndi vuto lina lochokera pa chowonjezeracho, lakuti malo angachoke m'fuko atsikanawo akakwatiwa kwina, ndipo lamulo linakonzedwanso. Mu Numeri 9 anthu odetsedwa ndi maliro anafunsa za Paskha, Mose anawauza kuti adikire, n'kubwera ndi Paskha wa mwezi wachiwiri. Ngati Chilamulo cha pa Sinai chinasiya khomo lotsegula la mafunso, wolemba mapulogalamu ndani kuti chiganizo chake chimodzi chikwanire?

Apa m'pamene ndimaona kuti mawu ofunika kwambiri a Abrahamu sanali onena za kumene mkazi akapezeke. Anali aja omasula lumbiro. Anapatsa wantchito wake chilolezo chobwerera chimanjamanja. Wotumidwa amene sanapatsidwe chilolezo chimenechi amapeka chipambano, chifukwa palibe njira ina imene yamutsalira. Mwana wotumidwa mchere wa mtundu wakutiwakuti, akaupeza watha, amagula wina uliwonse ngati akudziwa kuti kubwera wopanda kanthu ndi kukalipiridwa. Mapulogalamu a AI anaumbidwa kuti azimaliza ntchito, ndipo malangizo akakhala chete amadzaza mpatawo ndi zongoganizira. Timati safunsa anadya phula, ndipo mwambiwo timaugwiritsa ntchito podzudzula wodyayo. Sitifunsa za amene anamupatsa chisa osamusiyira mpata wofunsa.

Choncho ndikapatsidwa malangizo a chida chotere kuti ndiwayeze, kutalika kwake sikundiuza kanthu. Ndimafufuza ngati akunena poyera chimene sichingabwezedwe chikachitika. Ndimafufuza ngati yankho la chidacho likunena zimene chaona zokha, osapitirira. Koposa zonse ndimafufuza malo amene wotumidwa wauzidwa kuti apa ima, bwerera ukafunse, ndipo kubwerera kwakoko si kulephera. Chida chimene chikalephera chimangoti palakwika n'choipa pafupifupi ngati chija chongoti zatheka. Chinene kuti nambala ndi yoperewera, kapena kuti maola 24 adutsa, kapena kuti mayina afanana ndipo ndi awa. Wolemba amene wachita zimenezi wagawana maso ake ndi wotumidwa, ndipo m'pamene angayambe kugawana naye mlandu.

Mtsikanayo analemba malongosoledwe ake a chidacho, ndipo sanafike pa Levitiko. Ndi mizere yowerengeka. Ikunena kalembedwe ka nambala, ikunena kuti uthenga ukapita subwezedwa, kuti yankho loyamba likutanthauza kulandiridwa chabe, kuti kukakhala zii AI iyambe yaona ngati uthenga unachoka isanayesenso, ndi kuti mayina akafanana isatumize. Ine ndinkafuna kuti uthenga uliwonse uziyamba wawerengedwa kwa mwini wake usanapite. Amayi a pa doko anakana. Mmodzi anamuuza mtsikanayo kuti, "Mwanawe, manja ali m'mamba a nsomba, bwato lina likukocheza, ndiye chinthu chako chizindifunsa kuti mukutsimikiza pa chilichonse? Bola ndingoimba ndekha." Anagwirizana kuti chizifunsa pokhapokha ngati uthenga ukutchula ndalama kapena ukupita ku nambala yatsopano. Malire amenewo anawaika ndi iwo, ndipo ndiwo oyenera kuwaika, popeza nsomba zikaola ndi zawo.

Pa za maliro ndiye sitinamvanebe. Ine ndikuti alembe mzere woletsa AI kutumiza uthenga wa imfa, izingouza mwini foni kuti zimenezi anene yekha. Iye akuti mzerewo aulemba, koma ndisaudalire. Uthenga wathu wa maliro sutchula imfa. Mayi akauza foni kuti lembera achimwene ku Kitwe kuti matenda akula abwere, pulogalamuyo iona uthenga wa matenda, ndipo pofuna kuthandiza ikhoza kuwonjezera mawu ofunira wodwalayo kuchira msanga.